Kuphwasula Mafoloko a Kutsogolo a Njinga Yamoto ya Matayala Atatu

Njinga zamoto za matayala atatu zoyenda m'malo osalambula, monga Honda ATC, Yamaha Tri-Z ndi Kawasaki Tecate, zonse ndi zachikale tsopano. Honda inatulutsa yake yoyamba mu 1970, ndipo njingayo inalibe mashoko alionse chifukwa matayala ake aakulu ndi ofewa ndi amene ankameza mabampu. Mafoloko (miyendo iwiri yogwira wilo ya kutsogolo) olowana ngati a njinga yamoto wamba anadzabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa njinga monga ATC250R ya mu 1981 ndi ATC200X ya mu 1983. Mu 1988 makampani opanga njingazi anagwirizana ndi boma la America kuti asiye kugulitsa zatsopano chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi, choncho foloko imene mungaitsegule lero yatha zaka zoposa 35, ndipo kawirikawiri oyilo wa m'kati mwake wakhalitsa mopitirira muyezo. Ma oil seal (mphira wotchinga oyilo kuti asatuluke) ndi timphira tina ting'onoting'ono timapezekabe, koma paipi, chivindikiro kapena chimake cha pansi chikawonongekera m'manja mwanu, mudzafunafuna china kwa miyezi.

N'chifukwa chake ndimaumirira kwambiri pa ndondomeko. Pali zinthu ziwiri, chivindikiro cha pamwamba ndi bawuti ya pansi, zimene ziyenera kukhwefulidwa foloko ikadali pa njinga, pamene makilampu ndi sipuling'i zikukugwirirani zitsulo. Amene walumpha zimenezi amadzalimbana ndi paipi yoterera m'manja, amayamba kuimanga mwamphamvu m'vayisi kapena kuigwira ndi pulayala, ndipo apa ndi pamene zitsulo zosowa zija zimawonongeka.

Muyenera kudziwa kaye zimene zili m'kati. Mwendo uliwonse wa foloko uli ndi paipi yachitsulo yonyezimira ndi chrome, imene imagwidwa ndi makilampu awiri pansi pa mahandulo, ndiponso chimake cha aluminiyamu chimene chimanyamula ekiselo ya wilo n'kumakwera ndi kutsika pa paipiyo. M'katimo muli sipuling'i yaitali, oyilo, ndi kandodo kamphako kokhala ndi timabowo, kamene amakaniko amakatcha damper rod. Foloko ikapanikizika, oyilo amakakamizika kudutsa m'timabowo timeneti, ndipo kuchedwa kwake podutsa ndi kumene kumaletsa njinga kudumphadumpha ikamenya bampu. Kandodoka kali ndi mutu waukulu umene sungatulukire kumunsi kwa paipi, pamene phazi lake linamangidwa ku chimake ndi bawuti imodzi yolowera pansi. Bawuti imeneyi ndi imene yalumikiza zigawo ziwirizi, moti isanatuluke, paipi ndi chimake sizingalekane ngakhale mutakoka motani.

Njinga zina zopangidwira ntchito za kumunda zili ndi mafoloko a mtundu wina, amene mapaipi ake a pamwamba anawotchereredwa ku chiwongolero ndipo sachoka paokha. Malangizo ano ndi a mafoloko amene mwendo uliwonse umasololoka m'makilampu.

Zokonzekera

Yambani ndi kutsuka kutsogolo konse kwa njinga, makamaka kunsi kwa miyendo, kumene matope amauma n'kutseka mutu wa bawuti ya pansi. Kenako jambulani zithunzi pa foni, kuonetsa mmene waya kapena paipi ya buleki yadutsira, mbali imene kuli masipesa a ekiselo, ndi mmene mapaipi atulukira pamwamba pa kilampu. Pakapita sabata mukudikira zipangizo, zinthu zimene zikuoneka zosaiwalika lero zimasokonekera m'mutu.

Mudzafunika masoketi ndi masipanala, Allen key ya pa soketi yaitali mokwanira kufika m'dzenje la pansi, imene nthawi zambiri imakhala ya 6 mm kapena 8 mm, pulayala yochotsera circlip (karing'i kachitsulo kotchinga seal kuti isatuluke), sikuludilaiva yafulati, hamala ya mphira, vayisi, beseni lolandirira oyilo, kapu yoyezera, nsanza zosathothoka ulusi, palafini wotsukira, ndi magalasi oteteza maso. Pa chivindikiro gwiritsani ntchito soketi ya makona asanu ndi limodzi yokwanira bwino, chifukwa zivindikiro zambiri ndi za aluminiyamu wofewa, ndipo sipanala yosinthasintha kukamwa imadya makona ake ulendo umodzi wokha. Buku la malangizo la njinga yanuyo likhale pafupi, popeza kuchuluka kwa oyilo, kutalika kwa sipuling'i ndi mphamvu yomangira mabawuti zimasiyana malinga ndi mtundu komanso chaka cha njinga. Yalani nsanza yaitali yoyera pa tebulo, kuti chitsulo chilichonse chikatuluka muzichigoneka motsatana ndi chinzake, kuchokera kumanzere kupita kumanja, chitayang'ana mbali imene chinayang'ana m'kati.

Foloko ikadali pa njinga

Tsekani kampopi ka petulo, mangani buleki ya kumbuyo, ndipo pingani matayala onse awiri a kumbuyo ndi matabwa kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Ngati pamwamba pa zivindikiro pali mavavu onga a tayala, mafolokowo ndi othandizidwa ndi mpweya, ndipo mpweyawo uyenera kutulutsidwa musanakhudze china chilichonse. Phimbani vavu ndi kansanza podina kamtima kake, chifukwa mpweya umatuluka ndi timadontho ta oyilo.

Matayala onse atatu akadali pansi, khwefulani nati ya ekiselo, mabawuti a chogwirira ekiselo, ndi mabawuti a caliper, chitsulo chimene chimafinya mapadi a buleki, koma musawachotse. Mukatero pitani pamwamba. Ngati mahandulo akutchinga zivindikiro, amasuleni n'kuwagoneka pa thanki mutayalapo nsanza, mosamala kuti mawaya asakokeke. Tsopano masulani bawuti yopanira ya kilampu ya pamwamba yokha, ya pansi ikhalebe yolimba. Chifukwa chake n'chakuti kilampu ya pamwamba imafinya paipi pamalo enieni pamene pali mazinga a chivindikiro, moti ikakhala yomanga, chivindikiro chimakanirira ngati chawotchereredwa, pamene kilampu ya pansi ndi imene ikugwira paipi kuti isazungulire. Ikani soketi, ikanikizireni pansi ndi dzanja limodzi kuti isaphonye, ndipo tembenuzani chivindikiro theka la mzungulo basi. Chisiyeni pomwepo.

Chachiwiri ndi bawuti ya pansi. Pa mafoloko amene ekiselo imadutsa kutsogolo kapena kumbuyo kwa mwendo, bawutiyi imaoneka mukangosuzumira kunsi, ndipo mungathe kuikhwefula nthawi yomweyo kulemera kwa njinga kukupanikiza sipuling'i. Pa mafoloko amene ekiselo imadutsa kunsi kwenikweni kwa mwendo, bawutiyi imabisika ndi ekiseloyo, choncho mudzaifikira wilo ikachoka, komabe chivindikiro chisanatsegulidwe. Tokosani dzenje la mutu wake ndi kawaya mpaka dothi lonse lituluke, lowetsani Allen key, ndipo igogodeni pang'ono ndi hamala kuti ifike pansi penipeni. Mabawuti ambiri amene amadyeka mutu amadyeka chifukwa kiyi inangolowa theka, itakhala pa dothi. Ikokeni mwadzidzidzi, mwa kamodzi, osati mokankha pang'onopang'ono, chifukwa kudzidzimutsako ndi kumene kumathyola guluu wa pa mazinga kandodo ka m'kati kasanayambe kuzungulira. Ikangolira n'kusuntha, ilekeni, ndipo ikani beseni pansi chifukwa oyilo ayamba kuchucha.

Tsopano nyamulani kutsogolo kwa njinga ndi jeke, n'kuika sitandi kapena chipika cholimba pansi pa fulemu, kunsi kwa injini, mpaka tayala la kutsogolo litalekana ndi nthaka. Chipikacho chisakhudze paipi ya utsi. Njinga ya matayala atatu ili ndi ubwino wakuti sigwera m'mbali, koma igwedezeni ndi manja kuti mutsimikize kuti yakhazikika musanalowetse mutu kapena manja pansi pake.

Chotsani caliper n'kuipachika ndi waya pa fulemu, kuti isalendewere pa paipi yake ya mphira, ndipo lowetsani kathabwa kopyapyala pakati pa mapadi kuti wina akafinya buleki mwangozi pisitoni isatuluke. Ngati buleki ndi ya dilamu, masulani waya wake ku kamkono ka pa wilo. Sololani ekiselo mutachirikiza tayala ndi phazi, gudubuzani wilo kuichotsa, ndipo bwezerani masipesa ndi nati pa ekiselo momwe zinalili. Yang'ananinso mapadi. Ngati foloko inkataya oyilo kwa nthawi yaitali ndipo mapadiwo anyowa, kutsuka sikuwabwezeretsa, ayenera kusinthidwa.

Musanamasule kilampu ya pansi, yezani ndi rula kutalika kwa paipi imene yatulukira pamwamba pa kilampu ya pamwamba, ndipo lembani nambalayo. Gwirani mwendo ndi dzanja limodzi, masulani mabawuti a kilampu ya pansi, kenako potokolani mwendowo uku ndi uku mukuukokera pansi. Ukakana, thirani mafuta osungunula dzimbiri m'makilampu, chotseranitu mabawuti opanira, ndipo lowetsani sikuludilaiva yafulati m'mng'alu wa kilampu kuti itseguke pang'ono chabe. Musaikhome mwamphamvu, chifukwa kilampu ya aluminiyamu imasweka. Ngati pakati pa makilampu awiriwa paipi yachita dzimbiri, ipaleni kaye ndi sandipepa wosalala isanadutse m'kilampu ya pansi. Ndimalangiza kuphwasula mwendo umodzi pa nthawi, kuti winawo ukhale chitsanzo mukasokonezeka, komanso kuti zitsulo za miyendo iwiriyi zisasakanikirane, popeza chilichonse chinadyeka mogwirizana ndi chinzake.

Chivindikiro, sipuling'i ndi oyilo

Masulani timalamba ta chimphira chokwinyika chimene chimaphimba paipi, n'kuchivula. Pansi pake mumapezeka matope, madzi, ngakhale dzimbiri limene silinkaoneka, choncho pukutani bwino musanapitirize. Pogwira mwendo m'vayisi, panani pa makutu a chimake, pamene pamamangidwa ekiselo kapena caliper, mutaika timatabwa kapena zidutswa za aluminiyamu m'kamwa mwa vayisiyo. Thupi lozungulira la chimake ndi lopyapyala, ndipo likafinyika ngakhale pang'ono paipi imayamba kugwiragwira m'kati. Paipi ya chrome isalowe m'mano a vayisi.

Imikani mwendo chilili, valani magalasi, ndipo masulani chivindikiro mukuchikanikizira pansi ndi chikhatho kudzera pa soketi. Sipuling'i ikuchikankha kuchokera m'kati, ndipo zinga lomaliza likamasuka chimafwamphuka. Kukanikizako kumateteza nkhope yanu, komanso kumateteza mazinga omalizira, amene ndi osalala kwambiri ndipo amathothoka ngati mphamvu yonse ya sipuling'i yatsamira pa iwo okha. Mutu wanu usakhale pamwamba pa paipi. Mafoloko ena alibe chivindikiro cha mazinga koma chotsekera chogwidwa ndi kawaya kozungulira, ndipo pamenepo mumakanikiza chotsekeracho kulowa m'kati, mnzanu n'kukolopola kawayako ndi kasikuludilaiva kakang'ono.

Tulutsani sipesa ndi washala ngati zilipo, kenako kwezani sipuling'i pang'onopang'ono kuti oyilo atsikire m'paipi momwemo. Yang'anitsitsani mapiringidzo ake. Sipuling'i zambiri zili ndi mbali imodzi imene mapiringidzo ake ndi othithikana, ndipo muyenera kulemba ngati mbaliyo inali pamwamba kapena pansi. Tembenuzani mwendo kuthira oyilo m'kapu yoyezera, ndipo pompani paipi kulowa ndi kutuluka maulendo angapo mpaka kulira kwa oyilo m'timabowo kutatha. Mafoloko ena ali ndi kasikuluu kotulutsira oyilo m'mbali mwa chimake. Mitu ya masikuluu a njinga za ku Japan za nthawi imeneyo ndi ya muyezo wa JIS, ndipo sikuludilaiva ya Phillips imaterereka n'kuidya, choncho ngati mulibe yoyenera kasiyeni kasikuluuko, popeza oyilo atulukira pamwamba.

Musafulumire kutaya oyilo wakaleyo, chifukwa akukuuzani zimene mukapeze m'kati. Wakuda ndi wonunkha ndi wongokalamba chabe. Wotuwa ngati phulusa, wonyezimira mukamuunika ndi tochi, ali ndi fumbi la aluminiyamu, kusonyeza kuti chimake kapena mabushi, maring'i amene amathandiza paipi kutsetsereka m'chimake, akhala akudyeka. Woyererako ngati tiyi wamkaka walowa madzi, ndipo muyembekezere dzimbiri pa sipuling'i ndi m'kati mwa paipi. Yerekezaninso kuchuluka kwake ndi kumene buku likunena. Si zachilendo kupeza mwendo umodzi uli ndi oyilo wosakwana theka, ndipo zimenezi zimafotokoza chifukwa chake njinga inkagunda pansi pa mabampu.

Bawuti ya pansi ikamangozungulira

Ngati munaikhwefula kale, nthawi zambiri bawutiyi imatuluka popanda vuto, pamodzi ndi washala yake ya mkuwa. Koma nthawi zina imafika poti ikuzungulira mopepuka osatuluka, chifukwa guluu wa pa mazinga akuigwirabe ku damper rod, ndipo zonse ziwiri zikuzungulira limodzi m'kati. Ulendo wanga woyamba ndinachotsa sipuling'i ndisanaikhudze bawutiyi n'komwe, ndipo ndinatha masana onse ndikupota kiyi pachabe, ndikumva kandodo kakukhwekhwereza m'kati, mpaka ndinazindikira kuti chinthu chimene chikanandigwirira kandodoko ndinali nditachigoneka ndekha pa tebulo.

Njira yoyamba ndi kubwezera sipuling'i, sipesa ndi chivindikiro, kutembenuza mwendo kuti chivindikiro chitsamire pa thabwa pansi, n'kupempha mnzanu kuti akanikize chimake ndi thupi lake lonse pamene inu mukumasula. Sipuling'i ikapanikizika imadinda mutu wa kandodo kuti usasunthe. Ngati muli ndi makina omasulira mabawuti a mpweya kapena a batire, amene amamenya mofulumira, agwiritseni ntchito pano, mowadina kwa kanthawi kochepa mobwerezabwereza, chifukwa liwiro lake limamasula bawuti kandodo kasanayambe kutsatira. Makinawa ndi omasulira okha pa ntchitoyi, pomanga sayenera kugwiritsidwa ntchito.

Njira yachiwiri ndi kugwira kandodoko kuchokera pamwamba. Unikani ndi tochi m'paipi kuti muone mutu wake. Ma damper rod ena ali ndi dzenje la makona pamutu, ndipo mutu wa bawuti yaikulu yokwanira m'dzenjelo, mutamanga manati awiri molimbana kumapeto kwake n'kuilumikiza ku zotalikitsira soketi, umagwira bwino lomwe. Ena mutu wake ndi wozungulira wopanda pogwira, ndipo apa pamathandiza mtengo wa tsache wouma. Semani nsonga yake kuti isongoke, ulowetseni m'paipi mpaka ulume m'kamwa mwa kandodo, tsamiritsani mbali inayo pansi kapena pa khoma, ndipo kanikizani mwendo wonse pa mtengowo mukumasula bawuti. Mtengo suwononga chitsulo, koma tizidutswa take timatsalira m'kati ndipo tiyenera kudzatsukidwa. Musalowetse chitsulo chosongoka n'kuchikhoma, chifukwa mutu wa kandodo uli ndi karing'i kamene kamatseka oyilo, ndipo mutuwo ukatanuka foloko sigwiranso bwino.

Kutentha kumafewetsa guluu wa pa mazinga. Oyilo akatuluka, tenthetsani kunsi kwa chimake ndi makina opemerera mpweya wotentha kwa mphindi zingapo, kutali ndi petulo ndi nsanza za palafini, kenako yesaninso. Lawi la moto si labwino pano, chifukwa aluminiyamu sasintha mtundu kuti akuchenjezeni kuti wapsa.

Mutu wa bawuti ukadyeka mpaka kiyi kumangoterereka, njira yotsala ndi kuuboola. Sankhani chiboolero chofanana kukula ndi thunthu la bawutiyo, boolani pakati penipeni mosathamanga mukuthira kadontho ka oyilo, ndipo imani mutu ukangoduka. Washala ya mkuwa ili pansi pake imakutetezani pang'ono, koma mukapitirira mudzakanda pamene washalayo imakhala, ndipo foloko idzadontha pamenepo mpaka kalekale. Chotsalira cha bawuti chimatuluka mosavuta ndi pulayala kandodo kakakhala panja, popeza sichikukokedwanso ndi kanthu.

Kulekanitsa paipi ndi chimake

Pakamwa pa chimake pali mphira wotchinga fumbi, amene mumamutukula ndi sikuludilaiva yafulati mukuzungulira pang'onopang'ono. Pansi pake pali circlip yokhala mumzere wake, ndipo pansi pa circlip ndi pamene pali oil seal. Malo amenewa amasunga madzi, choncho circlip imapezeka itadyedwa ndi dzimbiri, nthawi zina yosaoneka n'komwe pansi pa matope. Palani dothilo, thirani mafuta osungunula dzimbiri, ndipo gogodani circlip pang'ono ndi kachitsulo kuti iyambe kuzungulira mumzere wake musanaifinye ndi pulayala. Ngati ndi ya waya wamba, ikolopoleni kuyambira kunsonga. Tetezani paipi ndi chala kapena kansanza, chifukwa sikuludilaiva ikaphonya imakakanda chrome pamalo enieni pamene seal imadutsa. Onetsetsani kuti zidutswa zonse za circlip zatuluka, popeza kachidutswa kotsalira kamatchinga seal ndipo kamang'amba mzerewo mukayamba kukoka.

Kuchokera apa mafoloko ali mitundu iwiri, ndipo mudziwa wanu pokoka paipi mofatsa. Ngati yasololoka yonse popanda choletsa, folokoyo ilibe bushi kumunsi kwa paipi, ndipo seal yatsalira m'chimake. Ichotseni ndi chitsulo chochotsera matayala kapena sikuludilaiva yaikulu, mutaika kathabwa kapena nsanza yopinda pa mlomo wa chimake pamene chitsulocho chikutsamira. Lowetsani nsonga pansi pa seal yeniyeniyo, osafika ku khoma la aluminiyamu, ndipo tukulani pang'ono, sunthani, tukulaninso, mpaka mutazungulira. Kuthira madzi owira pakamwa pa chimake kumatanula aluminiyamu ndipo seal imatuluka msanga.

Ngati paipi yafika pena n'kugunda, ndiye kuti kumunsi kwake kuli bushi imene yakumana ndi bushi ya pakamwa pa chimake, ndipo paipiyo ndi imene ikhale hamala yanu. Panani chimake chogona m'vayisi, lowetsani paipi pang'ono, kenako ikokeni mwamphamvu kuti igunde. Bwerezani kangapo, ndipo muona seal ikukwera pang'onopang'ono mpaka itatuluka pamodzi ndi washala yake ndi bushi ya pamwamba. Mphamvu ikhale pokoka pokha. Pobwezera paipi m'kati chitani mofatsa, chifukwa pansi pa chimake pali kachikho ka aluminiyamu kamene kamaphwanyika paipi ikakamenya. Mukakoka maulendo khumi popanda kusintha kulikonse, imani, tenthetsani pakamwa pa chimake, ndipo yang'ananinso ngati circlip yatulukadi yonse. Kuumirira kumakweza bushi ina pamwamba pa inzake, ndipo zikalumana choncho zimakanda m'kati mwa chimake.

Zigawo ziwirizi zikalekana, pendeketsani paipi kuti damper rod itsetserekere m'dzanja lanu kudzera pamwamba, pamodzi ndi kasipuling'i kakafupi kamene kamakhala pansi pa mutu wake. Kenako tembenuzani chimake n'kuchigogoda pa thabwa kuti kachikho kaja kagwe. Kachikhoka n'kosavuta kuiwala, chifukwa kamamatirira pansi m'matope a oyilo, ndipo kamadzagwera m'beseni lotsukira mwiniwake osaona mbali imene kanayang'ana. Seal, washala ndi bushi ya pamwamba zivuleni kudzera kumtunda kwa paipi. Bushi ya kumunsi ili ndi mng'alu, ndipo imachoka mukautanula pang'ono ndi sikuludilaiva, koma ngati simukufuna kuisintha isiyeni pomwepo, chifukwa ikatanuka kwambiri sibwereranso mwakale.

Kutsuka ndi kuyendera

Tsukani zitsulo zonse m'palafini, osati m'petulo. Pansi pa chimake pamakhala phala lakuda lokhuthala, ndipo limachoka ndi nsanza yokulunga pa ndodo, mobwerezabwereza mpaka nsanzayo itatuluka yoyera. Timabowo ta damper rod tipemerereni ndi mpweya ndipo muunike kuti muone ngati tonse tatseguka, koma musatikulitse ndi chiboolero. Timphira tozungulira ta pa chivindikiro tipukuteni ndi nsanza yokha.

Paipi ndi imene imafuna diso lakuthwa. Yendetsani chikhadabo pa chigawo chonse chimene chimalowa ndi kutuluka m'seal, kapena kokanipo kathonje, kamene kamakodwa pa kachilema kalikonse. Timaenje ta dzimbiri tili ndi milomo yakuthwa imene imadula seal yatsopano m'masiku ochepa. Tating'ono mungathe kutisalaza ndi sandipepa wa nambala 600 kenako 1200, wonyowetsedwa ndi oyilo, mukupala mozungulira paipi osati motsata utali wake, chifukwa mizere yoimirira imasanduka njira ya oyilo. Ngati chrome yayamba kusupuka kapena maenje ndi akuya, paipiyo ikufunika kukutidwanso chrome kapena kusinthidwa.

Kupindika kumayezedwa bwino poika paipi pa zitsulo ziwiri za mpata wonga V n'kuizungulitsa pansi pa geji ya wotchi, ndipo mabuku ambiri a Honda amaika malire pa 0.2 mm. Ngati mulibe gejiyo, gudubuzani paipi pa galasi lochindikala mukuyang'ana kuwala kodutsa pansi pake. Njinga zimenezi zimanyamula kugunda konse kwa kutsogolo pa tayala limodzi lalikulu, choncho mapaipi opindika pang'ono kunsi kwa kilampu ya pansi si osowa. Paipi yopindika pang'ono imawongoleka pa makina opanikizira m'manja mwa katswiri, koma imene yachita khwinya pa chitsulo yafooka ndipo siyenera kubwerera pa njinga.

Mabushi amakutidwa ndi Teflon wotuwa pamwamba pa mkuwa. Mtundu wa mkuwa ukaonekera pa gawo lalikulu la bushi, kapena pakakhala mizere yakuya, bushiyo yatha. Pa mafoloko opanda mabushi, lowetsani paipi youma m'chimake n'kuigwedeza m'mbali, ndipo ikamagogoda momveka ndiye kuti chimake chenichenicho chadyeka, moti seal yatsopano singakhalitse. Yang'ananinso makutu a chimake ngati ali ndi ming'alu, makamaka pozungulira mabawuti a ekiselo. Karing'i ka pa mutu wa damper rod kakhale kathunthu ndi kosaphwatalala. Yezani kutalika kwa sipuling'i itagona pa tebulo n'kuyerekeza ndi malire a m'buku, ndipo ikapezeka yafupika sinthani za miyendo yonse iwiri pamodzi.

Mukamaliza mwendo woyamba, pakani oyilo pang'ono pa paipi, sipuling'i ndi damper rod kuti zisachite dzimbiri podikira, phimbani tebulo ndi nsanza ina, ndipo chitani chimodzimodzi ndi mwendo wachiwiri pa nsanza yakeyake. Oyilo wakale ndi palafini wakuda zithireni m'botolo lotseka n'kupita nazo kumene amalandira oyilo wotha ntchito, osazitaya pansi kapena m'ngalande. Ma oil seal, mphira wa fumbi, washala za mkuwa ndi circlip iliyonse ya dzimbiri siziyenera kubwereramo, koma musazitaye zatsopano zisanafike. Pa nkhope ya seal yakale pamakhala manambala atatu osonyeza kukula kwa m'kati, kukula kwa kunja ndi kuchindikala kwake mu mamilimita. Pukutani seal, werengani manambalawo, ndipo yezaninso paipi yanu kuti mutsimikize kuti zikugwirizana, chifukwa pa zaka zonsezi njinga zambiri zinavekedwa mafoloko ochokera ku mtundu wina kapena chaka china, ndipo seal yogulidwa potengera dzina la njinga lokha ikhoza kufika yosakwanira.